Dzina Langa pa Mzere Woyamba

"Mufufute dzina langa," ndinamuuza mayi wa pa kauntala ku khonsolo.

Anayang'ana kalata imene ndinamupatsa, kenako anayang'ana ine. Anali mzungu wa msinkhu wanga, magalasi atawamangira kachingwe. Anafunsa ngati dzinalo analilemba molakwika. Ndinati ayi. Analilemba bwino kwambiri, mayina onse atatu, nambala ya nyumba, ndi msewu wathu wa ku Govan, kuno kwa Asikoti.

Anagogoda pa kompyuta. Anati angathe kulichotsa, palibe amene angandikakamize. Koma ndidziwe kuti ine ndiye mwini pempho. Mwini pempho akatuluka, pempho lonse limagwa, ndipo onse amene anasaina ayenera kuyambiranso. Komiti yomva madandaulo ikumana Lachinayi la sabata yamawa. Tikaphonya tsiku limenelo, tidikira miyezi.

"Ine si mwini wake," ndinatero. "Ndinangosaina."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Fomu yathu inali pamenepo. Pamwamba penipeni panali mzere wokhala pawokha m'kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali dzanja langa.

Ndinatenga kalata yanga n'kutuluka. Sindinanene kuti achotse, sindinanene kuti asiye. Pa masitepe ndinatsika nditagwira khoma.

Nkhani yake inali ya msewu. Pakati pa mafulati athu ndi siteji ya basi yopita ku chipatala chachikulu pali msewu wa magalimoto ambiri. Maloboti owolokera anthu ali kutali kumtunda, ndiye palibe amene amapita kumeneko, makamaka mvula ikamagwa. Aliyense amadula pafupi, pa shopu ya nyuzipepala. Mkazi wanga amayeretsa m'mawodi ku chipatalako, ndipo amawoloka pamenepo kawiri pa tsiku. Nyengo ina yozizira mayi wa mumpingo mwathu anagundidwa ndi vani pomwepo, n'kuthyoka chiuno. Sanafe, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo ziwiri.

Amene anayambitsa za pempho ndi nesi wina wa mumpingo mwathu. Tonse timangoti a sisitala. Ndi mayi wosachedwa, ali ndi pasipoti ya kuno, ndipo amalankhula ndi madokotala osawerama. Anakatenga fomu yopempha khonsolo kuti itiikire maloboti pa shopu paja. Lamulungu lina titaweruka, tikumwa tiyi m'holo ya pansi pa tchalitchi, fomuyo inazungulira. Anasaina anesi, anasaina ophunzira a ku yunivesite, anasaina ndi azungu a mumpingomo. Koma Amalawi onse ankalumpha mzere wa pamwamba. Kwathu wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, ndiye amakhala kutsogolo, ndiye amayamba kulankhula. Pa Amalawi a mumpingo uja, wa imvi zambiri ndinali ine.

A sisitala anabwera ndi cholembera atachigwira ndi manja awiri.

"Madala, malo anu takusiyirani."

Pansi pa kabokosiko panali timalemba ting'onoting'ono. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo magalasi ndinali nditawasiya kunyumba. Anthu a madigiri anali atadzaza m'holomo, koma palibe amene anawerenga timalembato. Iwo ankaona ulemu, inenso ndinaona ulemu. Ndinasaina. Ena anawomba m'manja. Ndinamaliza tiyi wanga.

Patapita masabata angapo kunabwera envulopu ya khaki. Nthawi imeneyo ine ndi mkazi wanga tinali titatumiza mapepala athu kupempha kuti atiwonjezere zaka zokhala m'dziko muno. Miyezi isanu inali itadutsa popanda yankho. Loya anali atatiuza kuti tikhale phee, tisapalamule kanthu ngakhale kakang'ono. Ine ndinkamvera. Ndimatsuka mabasi ku depoti, ndipo bwana akandikalipira popanda chifukwa ndinkati zikomo. Envulopu ija sindinaitsegule. Ndinaiika pa tebulo, n'kukhala pa mpando kuiyang'ana mpaka mkazi wanga atabwera ku shifiti.

Anaitsegula ndi mpeni. Anawerenga kawiri.

"Si za mapepala," anatero. "Ndi khonsolo. Akuti mupite mukalankhule pamaso pa makhansala. Mphindi zitatu. Akuti msonkhanowo amaujambula n'kuuika pa intaneti."

"Ine?"

"Akuti ndinu mwini pempho."

Anthu amene anabadwa mochedwa sangamvetse mantha amene anandigwira. Ndili mwana, nthawi ya chipani chimodzi, mlatho wa kwathu unakokoloka ndi madzi. Zaka ziwiri anthu ankawoloka ndi miyendo, ndipo mayi wina woyembekezera anatengedwa ndi mtsinjewo. Anthu anagwirizana zolemba kalata ku boma. Malume anga anali kalipentala, ndipo ankalemba bwino. Analemba mwaulemu, mawu opempha okhaokha, n'kuika dzina lawo pamwamba. Ena anadinda zala pansi. Galimoto ya boma inabwera masana, malume akupala thabwa pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinalipo. Anawafunsa funso limodzi, ngati akutanthauza kuti boma silikugwira ntchito. Anakwera atavala kabudula, opanda jekete, opanda nsapato. Odinda zala aja palibe amene anawakhudza. Malume anabwerako patatha zaka ziwiri, mano akutsogolo palibe. Mlatho anaupeza utamangidwa. Mpaka imfa yawo sanalembenso kalata, ngakhale yopita kwa mwana wawo.

N'chifukwa chake ndinapita ku kauntala kuja. Nditabwerako ndinamuuza mkazi wanga zimene anandiyankha. Ankasita yunifolomu yake. Sanaleke.

"Ndiye mwaganiza chiyani, bambo?"

"Ndikufunsa inu."

"Mapepala ndi athu tonse awiri," anatero. "Akakana inu, akana ine. Zimenezo ndikuzidziwa." Anatembenuza yunifolomu ija. "Koma dzulo basi inandiphonya chonchi." Anaonetsa ndi zala ziwiri. "Musandifunse ine. Dzina ndi lanu."

Ndinawaimbira a sisitala. Anaseka kaye, kenako atamva kuti sindikuseka, analeka.

"Pepani madala, sitinawerenge. Mlandu ndi wanga. Koma kuno si kumudzi. A khonsolo ndi ena, a mapepala ndi ena. Sadziwana n'komwe."

"Kompyuta ndi imodzi," ndinatero.

"Si imodzi."

"Munaiona?"

Anati iwowo ndiwo akalankhule m'malo mwanga. Anafunsa ku khonsolo. Yankho linali lakuti mwini pempho angabwere ndi munthu mmodzi womuthandiza, koma iye mwini ayenera kukhalapo ndi kutchula dzina lake. Kusintha dzina kunali kuyambiranso. Ndipo mayina ambiri sanali a mumpingo okha. Ena anawatolera neba wanga, mkulu wa Chisikoti amene anagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa doko lopangira zombo mpaka atapuma. Anayenda khomo ndi khomo ndi bondo lake lopweteka, masitepe onse a mafulati anayi.

Ndinamuimbiranso loya. Anati sakuganiza kuti pali vuto. Ndinafunsa ngati akudziwa kapena akuganiza. Anati palibe lamulo loletsa munthu kupempha maloboti. Malume nawonso palibe lamulo limene anaswa. Izi sindinamuuze.

Neba uja ndinakumana naye pa masitepe Lolemba. Amanditchula bigimani, ngakhale ndimamulekeza m'phewa.

"Bigimani, Lachinayi tikawauze zoona. Usawanyengerere."

Ndinati mwina sindipita. Anaika jumbo yake pansi. Ndinamuuza pang'ono, za mapepala zokha. 

"Ine ndakhala ndikuwatukwana zaka makumi anayi," anatero. "M'makalata, m'misonkhano, pa msewu. Palibe amene anabwera kudzandigwira. Ngakhale kudzandiyankha sanabwere."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Iye anabadwira mumsewu womwewo. Akamuthamangitsa, amupititsa kuti?

Masiku atatu amenewo sindinadye bwino. Ku depoti ndinatsuka basi imodzi kawiri. Galimoto ikaima pansi pa windo lathu ndinkasuzumira. Lachiwiri ndinavala jekete kuti ndibwerere ku kauntala ndikawauze kuti achotse dzina langa. Ndinafika pa shopu ya nyuzipepala. Mayi wa ndodo ziwiri uja anali pamenepo, akudikira mpata woti awoloke. Ndinaima naye. Tinadikira, tinadikira. Mpata utapezeka ndinamugwira mkono, koma tisanafike pakati lole inatulukira pa kona. Ndinakweza dzanja. Inaima pafupi moti ndinamva kutentha kwa injini kumaso. Titafika tsidya linalo anati, "Zikomo madala. Lachinayi ndikupemphererani." Basi yopita m'tauni inabwera. Sindinakwere. Ndinabwerera kunyumba.

Lachinayi mkazi wanga anali pa shifiti ya m'mawa. Anandisitira suti imene ndimavala pa maliro. Atachoka ndinavala mavesiti awiri mkati ndi masokosi awiri. M'thumba ndinaika mapiritsi a BP a mwezi wonse, mswachi, ndi kapepala ka nambala ya loya. Kiyi wa nyumba ndinamuika pansi pa kapeti ya pakhomo, kuti mkazi wanga asavutike wake akatayika.

Tinakumana pa khomo la nyumba ya khonsolo: a sisitala, neba uja, ndi anthu ena a mumpingo. Pakhomopo panali mlonda ndi makina. Anati tikhuthule matumba m'kabeseni. Ndinaika mapiritsi, ndinaika mswachi. A sisitala anayang'ana m'kabesenimo, n'kuyang'ana ine. Mlonda anandibwezera zinthu zanga, nati tsiku labwino.

Chipinda chake chinali cha matabwa akuda ndi denga lalitali. Makhansala anakhala mozungulira tebulo lalikulu, aliyense ndi maiki ndi botolo la madzi. Wapampando anali mayi wa tsitsi loyera. Kumbali kunali alembi awiri ndi akuluakulu a m'maofesi. Pa khoma panali kamera, kamaso kofiira kakuyaka. Ndinayang'ana makomo. Anali awiri. Ndinakhala pafupi ndi lakumanzere.

Mapempho tsiku limenelo anali atatu. Loyamba linali la bwalo losewerera ana la ku Pollokshields. Mwini wake anali mayi wa Chisikoti. Sanapereke moni. Analoza khansala wina ndi chala, nati munalonjeza, munanama, manyazi mulibe. Ndinayang'ana khomo lakumanzere. Ndinayang'ana lakumanja. Palibe amene analowa. Wapampando anangoti mphindi zitatu zakwana, zikomo kwambiri. Mayiyo anakhala pansi, n'kutulutsa siwiti m'chikwama.

Lachiwiri linali la kanyumba kodikiriramo basi. Limenelo silinachedwe. Mlembi anati nkhani yomweyo anaikambirana kale chaka chisanathe, ndipo malamulo salola kuibwereza. Mwini wake anatenga chipewa chake n'kutuluka akung'ung'udza.

Kenako wapampando anawerenga dzina langa. Analitchula mokhota, koma linali langa.

Kuchokera pa mpando wanga kufika pa tebulo la opempha panali mapazi ochepa. Ndinawamva onse. A sisitala anakhala pambali panga, n'kundikankhira pepala limene anandilembera m'zilembo zikuluzikulu. Wapampando anati ndidine batani, nditchule dzina ndi kumene ndimakhala, kuti zilembedwe. Ndinadina. Maiki inayaka. Ndinatchula mayina onse atatu. Ndinatchula msewu. Ndinaona mlembi akulemba.

Pepala lija ndinaligwira. Ndinawerenga mzere woyamba, wa moni. Wachiwiri unandisowa. Thukuta linkatsika mkati mwa mavesiti aja. Ndinaika pepala pansi.

Chizungu changa ndi cha ku depoti. Ndinalankhula chomwecho. Ndinati sindikunena kuti khonsolo sikugwira ntchito. Ndinabwereza kawiri kuti amve. Ndinati mkazi wanga amawoloka msewu umenewo m'mawa ndi madzulo. Ndikakhala pakhomo ndimamuyang'ana pa windo mpaka afike tsidya linalo. Ndinati mayi wina anathyoka chiuno pamenepo, ndipo Lachiwiri ndinawoloka naye, lole inaima apa. Ndinaonetsa ndi dzanja. Ndinati maloboti alipo, koma ali kumene anthu sapita. Tikupempha muwaike kumene anthu amapita. Basi.

Mphindi zitatu sizinakwane. Wapampando anadikira ngati pali zina. Panalibe. Anafunsa ngati makhansala ali ndi mafunso.

Bambo wina wa tayi yobiriwira anayatsa maiki yake.

"Mwakhala nthawi yaitali bwanji kumeneko?"

Ndinati mumtima, yayambika. Funso limeneli ndinalidziwa. Lili pa fomu iliyonse ya mapepala. A sisitala anandikankhira madzi, sindinawakhudze. Ndinaganiza zonama, koma sindinadziwe bodza limene lingandithandize. Ndinanena zoona. Ku Govan zaka zisanu ndi chimodzi. Tisanapite kumeneko tinkakhala ku Sighthill, m'nyumba zosanja zija anazigwetsa.

"Amayi anga ankakhala kumeneko," anatero. "Lifiti yokwerera pamwamba inali yovuta."

"Inali yovuta," ndinatero.

Analemba kanthu pa pepala lake. Ndinayesa kuona chimene analemba, koma kunali kutali. Anafunsanso ngati magalimoto achuluka kuposa kale pa zaka zimenezi. Ndinati achuluka. Anazimitsa maiki.

Kenako analankhula mkulu wa za misewu. Anali ndi mapu. Anati asanaike maloboti ayenera kuwerenga kaye magalimoto ndi anthu owoloka, kuyala zingwe pa msewu zoyezera liwiro, kuona mapaipi amene ali pansi, ndi kufunsa a mabasi. Anati ntchito za chaka chino anazindandalika kale. Neba wanga kumbuyo anati, "Muwerengenso ziuno zothyoka." Wapampando anati a kumbuyo salankhula. Ena anaseka. Ine ndinaweramitsa mutu kuti kamera isaganize kuti ndili naye.

Khansala wa tayi uja anati pempholi lipite ku ofesi ya misewu, ndipo abwere ndi lipoti. Mayi wina anavomereza. Anakweza manja. Mlembi anawerenga manjawo. Wapampando anandithokoza pobwera, nati adzandilembera kalata. Sanati eya, sanati ayi.

Ndinaimirira. Palibe amene anandigwira phewa. Ndinadutsa khomo lakumanzere, palibe. M'khonde munali bambo wa baji pakhosi atatsamira khoma. Ndinachepetsa liwiro. Ankalankhula pa foni za chakudya cha masana. Ndinamudutsa, msana wanga ukudikira. Pa masitepe mlembi mmodzi anatipeza, nati zokambirana zonse zituluka pa intaneti sabata yamawa, pamodzi ndi kanema, ngati tikufuna kuonera. A sisitala anati tikufuna.

Mapepala athu anadzabwera patapita miyezi inayi, atatiwonjezera. Ngati amene anawasaina anaonera kanema ija, sindikudziwa. Maloboti anadzaikidwa patadutsa nyengo ziwiri zozizira, osati pa shopu penipeni, kumunsi pang'ono chifukwa cha mapaipi. Mkazi wanga amawolokera pamenepo. Koma tsiku limenelo zonsezi kunalibe. Kunali dzina langa m'buku mwawo, ndi miyezi yodikira envulopu ina.

Panja kunkagwa mvula yowaza. Anthu a mumpingo anandizungulira. Wina anati madala mwalankhula ngati loya. Wina anati ayi, loya akanamaliza mphindi zitatu n'kupempha zina. Neba anandimenya pamsana. Anati bigimani, unawanyengerera, koma zagwira. Apolisi awiri ankabwera chakumtunda, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinawayang'ana mpaka anatidutsa n'kukhota pa kona.

A sisitala anatulutsa foni, n'kuipereka kwa munthu wodutsa.

"Tiyeni tonse pa masitepe. Madala, inu pakati. Pali kanyuzipepala ka m'dera lathu kakufuna chithunzi cha mwini pempho. Anthu aone kuti ifenso timalankhula."

Anthu anandandalika. Pakati anasiya mpata. Wojambulayo anakweza foni, nati tiyandikane.

Dzina ndinali nditapereka, msewu ndinali nditapereka. Ndinayang'ana foni ija. Ndinamanga batani la jekete, n'kutsika masitepe.

"Madala?" anatero a sisitala.

Ndinamva neba akuwauza kuti andisiye. Ndinawoloka bwalo, kulunjika ku sitima ya pansi pa nthaka.